Besi

Mawu akuti besi ali ndi matanthauzo atatu. M'kwaya ndi liwu lakuya la abambo. M'bandi ndi gitala ya nsambo zinayi zonenepa, pomwe pa ampu ndi kabatani kopotokola kowonjezera kugunda. Munthu akakuwa kuti "Kwezani besi!" paukwati ku Namadzi, m'mbali mwa msewu wa Blantyre ndi Zomba, amanena tanthauzo lachitatuli, ndipo nyimbo zambiri zimawonongekera pomwepa.

Pa gitala ya besi, nsambo yonenepa koposa, ya E, imanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi, ndipo sipika yaing'ono siitulutsa bwino. Mukapotokola besi mpaka kumapeto, malata a holo amangonjenjemera, chifuwa chikugunda, koma woyimba kiyibodi samvanso kuti mnzake wa gitala ya besi ali pa noti iti. Chomveketsa noti ndi kabatani ka mid, ka mawu apakati. Yambani ndi mabatani onse ali pakati, tsitsani kabatani ka gain ngati mawu akusweka, ndipo chotsani sipika pakona, chifukwa makoma awiri amachulukitsa kugunda.

Palinso besi yathu yosalira magetsi, babatoni, ya nsambo imodzi ndi chikopa, yomwe Yobu Maligwa wa Madalitso Band amayimba. Noti zake zimamveka imodziimodzi.