Dzanzi la m'mapazi: gawo la ma ARV, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo

Dzanzi lobwera munthu akakhalira mwendo nthawi yaitali si matenda, pakuti limatha akangoimirira n'kuyendako pang'ono. Pali dzanzi lina losachoka, loyambira ku zala za mapazi onse awiri n'kumakwera pang'onopang'ono kulowera mu akakolo. Odwala amalifotokoza mosiyanasiyana. Ena amati mapazi akuwotcha ngati aponda makala amoto, ena amati akubayidwa ndi singano, pomwe ena amamva ngati avala sokosi zokhuthala koma asadavale kanthu. Limavuta kwambiri usiku, moti ngakhale chofunda chikangokhudza phazi, tulo timabalalika.

Madokotala amatcha vutoli peripheral neuropathy, kutanthauza kuwonongeka kwa mitsempha yonyamula mauthenga pakati pa ziwalo ndi ubongo. Mitsempha imeneyi si ya magazi, ngakhale m'Chichewa dzina lake ndi limodzi. Mwa mavuto onse a mitsempha ogwira anthu omwe ali ndi kachilombo ka HIV, ili ndi limodzi mwa ofala kwambiri, ndipo ambiri likawagwira amathamangira kuloza chala ma ARV. Zaka za m'mbuyomo kuloza chala kumeneko kudali ndi maziko ndithu. Lero zinthu zidasintha, ndipo kawirikawiri dzanzi limakhala ndi magwero angapo omwe akumana m'thupi la munthu mmodzi.

Chifukwa chomwe mapazi amayambira kudwala n'chosavuta kumvetsa. Mtsempha womwe umamva kukhudza pa chala cha phazi umayambira pafupi ndi fupa la msana, ndipo mwa munthu wamkulu kutalika kwake kumafika pafupifupi mita imodzi. Zonse zoudyetsa ziyenera kuyenda ulendo wonsewo. Anthu a m'tauni amadziwa bwino kuti mphamvu ya madzi ikachepa m'mipopi, nyumba ya kumapeto kwa paipi ndiyo imayamba kuuma. Mitsempha nayo imafa kuyambira kunsonga. Dzanzi likafika cha m'mawondo, zala za manja nazo zimayamba, ndipo n'chifukwa chake anthu aatali msinkhu ndi achikulire amakhala pa chiopsezo chachikulu kuposa anzawo.

Gwero loyamba ndi kachilomboko. HIV salowa m'maselo a mitsempha mwachindunji, koma amalowa m'maselo oteteza thupi omwe amazungulira mitsemphayo. Maselowo akakwiya amatulutsa timadzi toyambitsa kutupa, ndipo puloteni ya gp120 yopezeka pa chikuto cha kachilomboko nayo imavulaza mitsempha. Munthu yemwe adachedwa kuyamba mankhwala, chiwerengero chake cha CD4 chitatsika kwambiri, amatha kukhala ndi dzanzi kwa zaka zambiri ngakhale kachilomboko katasiya kuoneka m'magazi. Chilonda chimakhala cha kale, chosiyidwa ndi nthawi yomwe kachilomboko kankaswana popanda chokaletsa.

Mbiri yoipa ya ma ARV pa nkhani ya dzanzi idachokera ku mankhwala atatu akale: stavudine, didanosine ndi zalcitabine. Onsewa amaletsa kachilombo kuswana, koma amasokonezanso timagawo ta m'maselo totchedwa mitochondria, tomwe timapanga mphamvu. Mtsempha wautali umafuna mphamvu zochuluka, choncho ndiwo umayamba kufooka. Zalcitabine adasiya kupangidwa mu 2006, koma stavudine adakhalitsa m'maiko osauka chifukwa adali wotsika mtengo. Pamene Malawi idayamba kugawa ma ARV mwaulere mu 2004, piritsi lomwe pafupifupi aliyense ankalandira lidali Triomune, la kampani ya Cipla ya ku India, lomwe lidaphatikiza stavudine, lamivudine ndi nevirapine. Piritsili lidadzutsa anthu ambirimbiri omwe achibale adali atawataya kale mtima, ndipo zimenezi siziyenera kuiwalika. Komabe lidasiya zipsera: kuwotcha kwa mapazi, kulowa kwa masaya ndi kuonda kwa miyendo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidatsitsa mulingo wa stavudine kuchoka pa 40mg kufika pa 30mg mu 2007, ndipo m'malangizo ake a 2010 lidapempha maiko kuti ayambe kumusiya. Malawi idayamba kupereka mankhwala okhala ndi tenofovir, odziwika kuti 5A, kwa amayi oyembekezera mu 2011, ndipo mu 2013 idasamutsira akuluakulu ena onse ku mankhwala omwewo. Kuyambira 2019 ambiri akumwa piritsi lophatikiza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Mankhwala atsopanowa sadziwika kuti ndi owononga mitsempha monga momwe ankachitira akale aja. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu yemwe adayamba ma ARV m'zaka zaposachedwa ndipo mapazi ayamba dzanzi, ayenera kufunafuna chifukwa kwina asadaweruze piritsi lake la tsiku ndi tsiku. Kulisiya kumapatsa kachilomboko mpata wobwerera, ndipo dzanzi lomwe munthu akulithawalo limangokula. Koma yemwe adamwa Triomune kwa zaka zingapo akhoza kukhalabe ndi dzanzi mpaka lero, popeza si onse omwe adachira atasinthidwa mankhwala.

Pali mankhwala ena omwe anthu omwe ali ndi HIV amamwa kawirikawiri, ndipo awa amaiwalika pofufuza gwero. Wamkulu wawo ndi isoniazid, yemwe amagwiritsidwa ntchito pochiza komanso popewa chifuwa chachikulu cha TB. Isoniazid amasokoneza vitamini B6 m'thupi, ndipo n'chifukwa chake chipatala chimapereka kapiritsi kakang'ono ka pyridoxine pamodzi naye. Odwala ena amakanyoza kapiritsika poganiza kuti n'kongowonjezera chabe, osadziwa kuti ndiko kakuteteza mapazi awo. Mbali inanso ndi yakuti vitamini B6 yemweyo akachuluka mopitirira muyezo amayambitsanso dzanzi, kotero kugula mavitamini ambirimbiri m'mafamase popanda langizo la dokotala si nzeru. Linezolid, wochiza TB yosamva mankhwala, komanso vincristine ndi paclitaxel, ochiza khansa ya Kaposi sarcoma, nawonso amavulaza mitsempha. Metronidazole, yemwe ambiri amamudziwa ndi dzina la Flagyl ndipo amamumwa mwachisawawa m'mimba mukangovuta, amachitanso chimodzimodzi akamwedwa kwa nthawi yaitali.

Kunja kwa chipatala, mowa ndiwo uli patsogolo, ngakhale anthu sauwerengera m'gulu la mankhwala ozunguza bongo. Mowa umawononga mitsempha m'njira ziwiri. Yoyamba, mowawo ndi poizoni wotchedwa acetaldehyde, yemwe chiwindi chimatulutsa pougaya, zimavulaza mtsempha mwachindunji. Yachiwiri, mowa umalepheretsa matumbo kuyamwa vitamini B1, ndipo chidakwa sichidya mokwanira. Munthu womwa kachasu kapena mowa wina waukali tsiku ndi tsiku, chakudya chake chili nsima ya ufa woyera ndi ndiwo zochepa, amakhala wataya mavitamini mbali zonse. Akakhala kuti akumwanso isoniazid, ndiye kuti mitsempha ndi chiwindi zonse zili pa moto.

Mowa umabweretsanso dzanzi la mtundu wina, la tsiku limodzi. Woledzera akagona tulo tofa nato atatsamiritsa mkono pa mpando kapena ataugonera, mtsempha umapanikizika kwa maola ambiri iye osatembenuka. Podzuka amapeza dzanja lalobodoka, silikutha kudzuka. Ambiri amachira pakapita masabata kapena miyezi ingapo. Zoterezi zimachitikanso kwa ogwiritsa ntchito heroin, koma kwa iwo zimafika poipa, chifukwa kukomoka kwa nthawi yaitali kumaphwanya minofu mpaka kuwononga impso. Ku South Africa, komwe Amalawi ambiri amakagwira ntchito, heroin wotsika mtengo amasakanizidwa ndi chamba n'kugulitsidwa ndi dzina la nyaope kapena whoonga. Obaya jakisoni amatha kulasa mtsempha ndi singano, ndipo kubwerekana majakisoni kumafalitsa matenda a chiwindi a hepatitis C, omwe nawo amatha kuyambitsa dzanzi.

Mpweya wa nitrous oxide ndi chitsanzo cha momwe chinthu chooneka ngati choseweretsa chingalumalitsire munthu. Madokotala a mano amaugwiritsa ntchito pochepetsa ululu, ndipo ophika amaugula m'timabotolo tachitsulo popanga kirimu wa makeke. Achinyamata a ku Ulaya adayamba kuupopera m'mabaluni n'kumaupuma kuti asangalale kwa masekondi ochepa. Mpweyawu umalemaza vitamini B12 m'thupi, kotero kuti vitaminiyo alipo koma sakugwira ntchito. Popanda B12, chikuto chokuta mitsempha chimayamba kusupuka, osati m'miyendo mokha komanso mu mtsempha waukulu wa mumsana. Wodwala amayamba ndi dzanzi la m'mapazi ndi m'manja, kenako amadzandira ngati woledzera, makamaka mumdima, ndipo ena amalephera kuyenda. Chosokoneza n'chakuti kuyeza magazi kumatha kuonetsa kuti B12 ndi wokwanira, choncho ngati wodwala sanena zoona, dokotala akhoza kulondola njira yolakwika. Dziko la Netherlands lidaletsa kugwiritsa ntchito mpweyawu posangalala mu Januwale 2023, ndipo Britain idatsatira mu Novembala chaka chomwecho. Ena mwa anthu omwe ali ndi HIV amakhala kale ndi B12 wochepa, kotero kwa iwo ngozi imafika msanga.

Kununkhiza guluu, komwe kumaoneka pakati pa ana okhala m'misewu ya mizinda yambiri ya mu Africa, kuli ndi ngozi yakeyake. Guluu wina womatira nsapato ali ndi n-hexane, yemwe chiwindi chimamusandutsa poizoni wotupitsa mitsempha mkati. Dzanzi lake limatsagana ndi kufooka kwa miyendo, ndipo limapitiriza kukula kwa miyezi ingapo munthu atasiya kale kununkhiza. Zimenezi zimagwetsa ulesi osiya, omwe amaganiza kuti kusiyako sikudathandize.

Cocaine ndi methamphetamine, yemwe ku Cape Town amatchedwa tik, amafinya mitsempha ya magazi, kuphatikizapo ing'onoing'ono yodyetsa mitsempha ya mauthenga, ndipo amachotsa chilakolako cha chakudya. Choopsa china chili pa kukumana kwawo ndi ma ARV. Ritonavir, yemwe amapezeka m'mankhwala monga atazanavir ndi lopinavir operekedwa kwa omwe mankhwala oyamba adasiya kuwathandiza, amachedwetsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena m'thupi. Methamphetamine, ecstasy ndi ketamine amatha kuunjikana m'magazi mpaka kufika pa mulingo wakupha. Kuwonjezera apo, munthu yemwe wakhala masiku awiri kapena atatu ali chiledzerere sakumbukira piritsi lake.

Nanga chamba? Palibe umboni wamphamvu wakuti chamba pachokha chimayambitsa dzanzi. Kafukufuku wina wa ku San Francisco, wofalitsidwa mu 2007, adapeza kuti chidachepetsako ululu wa mapazi mwa odwala HIV kwa masiku ochepa omwe adayesedwa. Kuchepetsa ululu si kuchiza mtsempha, ndipo lamulo la Malawi la 2020 lidaloleza chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale chokha, osati chosuta.

Si dzanzi lonse la munthu yemwe ali ndi HIV lomwe limachokera ku HIV. Matenda a shuga ndi amodzi mwa magwero aakulu a vutoli pa dziko lonse, ndipo anthu akamakhalitsa ndi moyo pa ma ARV, ena akunenepa, shuga akuwapezanso. Metformin, mankhwala a shuga, amachepetsa B12 akamwedwa kwa zaka zambiri. Khate, chindoko ndi matenda a impso nazo zimabweretsa dzanzi. Ena mapazi akayamba kuwotcha amati aponda mankhwala a adani awo, ena amati ndi nyamakazi, ndipo miyezi imatha akutemera mphini pa phazi lomwe silimvanso ululu, mabala n'kuyamba kunyeka.

Kuchipatala kuyeza sikufuna makina apamwamba. Dokotala amagogoda kumbuyo kwa chidendene ndi kanyundo, amaika kachitsulo konjenjemera pa chala chachikulu cha phazi, n'kuyeza shuga ndi kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Chida chachikulu ndi mafunso: mankhwala onse omwe munthu wamwapo, mowa womwe amamwa pa sabata, ndi zina zomwe amasuta, kununkhiza kapena kubaya. Apa ndi pomwe manyazi ndi mantha amasocheretsa chithandizo. Mankhwala monga amitriptyline ndi gabapentin amaperekedwa pofuna kuchepetsa kuwotcha, koma sathandiza aliyense, ndipo sabwezeretsa mtsempha. Chomwe chimaletsa vuto kukula ndi kuchotsa gwero lake.

Dzanzi lina siliyenera kudikira tsiku lokatenga mankhwala. Lobwera mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, pakamwa n'kupotoka, likhoza kukhala sitiroko. Kufooka kokwera kuchoka m'mapazi m'masiku ochepa, kapena dzanzi lotsagana ndi kulephera kukodza, kumafuna chipatala tsiku lomwelo.

Kwa omwe dzanzi lidawakhazikika, ngozi ya tsiku ndi tsiku ndi mabala osamveka. Phazi lotere limatha kupsa pa mbaula, kulasidwa ndi msomali kapena kusupulidwa ndi nsapato yothina mwini wake osadziwa, kotero kuliyang'ana pansi ndi pakati pa zala madzulo alionse, kugwedeza nsapato asadavale, ndi kuyesa madzi osamba ndi chigongono m'malo mwa phazi kumateteza ambiri ku zilonda. Mtsempha wovulala ukayamba kuphukanso umakula pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, kotero yemwe wasiya mowa kapena wayamba kulandira vitamini wosowayo angadikire miyezi ingapo zala za kumapazi zisadayambe kumvanso.