Proton: chifukwa chimene masewera a Windows amakanira pa Linux ndi njira zowakonzera

Proton ndi pulogalamu imene imathandiza kuti masewera a pa kompyuta amene anapangidwira Windows azitheka kuseweredwa pa Linux. Inatulutsidwa pa 21 Ogasiti 2018 ndi kampani ya ku America ya Valve, mwini wake wa Steam, msika wa pa intaneti wogulitsirapo masewera. Magemu ambiri amayenda bwino popanda kusintha kalikonse, koma ena amatsekeka akangotsegulidwa, ena amangoonetsa mdima pasikirini, ndipo ena amayenda mojejema. Kukonza mavuto amenewa kumayamba ndi kudziwa mbali imene yalakwika.

Mmene Proton imagwirira ntchito

Linux inayambitsidwa mu 1991 ndi Linus Torvalds ali wophunzira ku Helsinki m'dziko la Finland, ndipo aliyense ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito, kuisintha ndi kuigawa. Mapulogalamu a Windows sayenda paokha pa Linux chifukwa malangizo amene amapereka ndi omveka kwa Windows yokha. N'chifukwa chake mu 1993 kunayambika Wine, imene ntchito yake ndi ya womasulira: imalandira zimene pulogalamu ya Windows ikupempha n'kuzipereka m'njira imene Linux ingamve.

Proton inamangidwa pa Wine, mogwirizana ndi kampani ya CodeWeavers, ndipo ili ndi omasulira ena awiri a zithunzi. Magemu a Windows amajambula zithunzi kudzera mu Direct3D, imene Linux ilibe. DXVK imamasulira Direct3D 9, 10 ndi 11 kukhala Vulkan, pamene VKD3D-Proton imamasulira Direct3D 12. Ntchitoyi inakula kwambiri kuyambira mu 2022, pamene Valve inayamba kugulitsa Steam Deck, kachipangizo kosewerera ka m'manja koyendera Linux.

Nkhaniyi ikukhudzanso eni makompyuta akale. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makina osakwanira kulandira Windows 11, kuphatikizapo malaputopu ena ogwiritsidwapo kale ntchito amene amagulitsidwa m'Malawi, angathe kupitiriza kutumikira ataikidwa Linux.

Poyambira: madalaiva ndi mtundu wa Proton

Choyamba kuona ndi dalaiva wa khadi la zithunzi. Makadi a AMD ndi Intel amayendera madalaiva a Mesa, amene amabwera limodzi ndi mitundu yambiri ya Linux. Makadi a NVIDIA amafuna dalaiva wa kampaniyo, amene kawirikawiri amaikidwa payekha. Magemu akale amafunanso madalaiva a 32-bit, ndipo akasowa gemu imangotsekeka osapereka uthenga uliwonse. Lamulo lakuti vulkaninfo likalembedwa mu terminal limaonetsa ngati Vulkan ikugwira ntchito komanso mtundu wake.

Mtundu wa Vulkan ndi wofunika chifukwa kuyambira pa Proton 8.0 pamafunika Vulkan 1.3. Laputopu yakale imene siingafike pamenepo ikhoza kuyendetsabe gemu pa Proton 7.0. Kuti asinthe mtundu, wosewera amatsegula Properties pa dzina la gemu mu Steam, n'kulowa pa Compatibility, kenaka amachonga bokosi lokakamiza kugwiritsa ntchito chida chimene wasankha. Proton Experimental imakhala ndi zokonzedwa zaposachedwa, choncho imathandiza pa magemu atsopano, koma gemu yakale nthawi zina imayenda bwino pa mtundu wakale.

Palinso GE-Proton, yopangidwa ndi Thomas Crider, imene si ya Valve. Imathandiza makamaka pamene mavidiyo a mkati mwa gemu sakuoneka, popeza ili ndi zida zowerengera mitundu ina ya mavidiyo zimene Proton ya Valve ilibe. Imaikidwa mu foda yotchedwa compatibilitytools.d, ndipo imayamba kuoneka pa mndandanda Steam ikatsekedwa ndi kutsegulidwanso.

Mawu olembedwa pa Launch Options

Mu Properties momwemo muli malo otchedwa Launch Options, olembapo malangizo apadera a gemu imodzi. Langizo lililonse la Proton limatsatidwa ndi mawu akuti %command%, amene amaimira gemuyo. Mawuwa akaiwalika, langizolo siligwira ntchito.

PROTON_LOG=1 %command% imachititsa kuti Proton ilembe zonse zochitika mu fayilo imene imasungidwa mu foda yaikulu ya mwini kompyuta. Dzina la fayiloyo limayamba ndi steam, n'kutsatidwa ndi nambala ya gemu. Mizere yakumapeto kwake ndi imene kawirikawiri imaulula chimene chasowa.

PROTON_USE_WINED3D=1 %command% imasiya DXVK n'kugwiritsa ntchito OpenGL. Njirayi imapulumutsa makina amene Vulkan yawo ndi yoperewera, ngakhale kuti gemu imayenda pang'onopang'ono.

Mfundo yaikulu pa ntchito yonseyi ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kuyesa, n'kulemba zotsatira. Wosintha zinthu zisanu nthawi imodzi sadziwa chimene chathandiza kapena chimene chaononga. Malangizo okopera kwa anthu ena nawonso amatha ntchito Proton ikasinthidwa, choncho gemu imene inkayenda ikayamba kukana, ndi bwino kuyamba yafufutidwa malangizo onse n'kuyesedwanso.

Foda imene imasunga zonse

Gemu iliyonse imapatsidwa foda yakeyake yofanana ndi diski C: ya Windows. Fodayi imapezeka mu steamapps/compatdata, ndipo dzina lake ndi nambala ya gemuyo. Ikasokonezeka, makamaka munthu akasinthasintha mitundu ya Proton, kuichotsa kumachititsa kuti Steam ipange ina yatsopano. Apa ndi pamene ambiri amataya ntchito ya miyezi yambiri, chifukwa magemu ochuluka amasunga m'foda yomweyo mbiri ya pamene wosewera anafika. Ngati gemuyo siigwiritsa ntchito Steam Cloud, mbiriyo imapita osabwereranso. Njira yotetezeka ndi kungosintha dzina la fodayo m'malo moifufuta.

Vuto lina limachokera ku diski. Amene ali ndi Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi amakonda kusunga magemu pa diski ya NTFS kuti asawatsitse kawiri ndi kumaliza bandulo ya intaneti. Koma NTFS siigwirizana bwino ndi mafayilo ena amene Proton imapanga. Kusamutsira gemuyo pa diski ya ext4 kumathetsa vutoli, ndipo Steam imatha kusamutsa popanda kutsitsanso.

Zimene sizingakonzeke

Magemu ena opikisana pa intaneti ali ndi mapulogalamu oletsa chinyengo. Mu 2021 Easy Anti-Cheat ndi BattlEye anayamba kugwira ntchito ndi Proton, koma mwini gemu ndiye amasankha kulola kapena kukana. Valorant ndi Fortnite saseweredwa kudzera mu Proton kapena Wine, ndipo Apex Legends inatseka khomo kwa osewera a Linux mu 2024. Palibe langizo limene lingasinthe zimenezi, ndipo kuyesa kuzemba chitetezocho kungachititse kuti akaunti itsekedwe.

Pachifukwachi kufufuza kuyenera kuchitika ndalama zisanatuluke. ProtonDB imasonkhanitsa malipoti a osewera n'kuika magemu m'magulu asanu: Platinum, Gold, Silver, Bronze ndi Borked, gulu lomalizali likutanthauza gemu yosayenda n'komwe. Steam nayo imabweza ndalama ngati pempho laperekedwa pasanathe masiku 14 chigulireni gemu, ndiponso ngati gemuyo yaseweredwa kosakwana maola awiri. Nthawi yoyesera ndi kukonza imawerengedwa pa maola awiri omwewo.