Amalemba apolisi ntchito ndani, nanga ife tili pati?

Ambiri mwakhala mukundifunsa ngati a community policing ali ndi mphamvu posankha apolisi atsopano. Ayi ndithu. Iwo amangothandiza kulondera m'dera. Zolemba ntchito zili m'manja mwa Police Service Commission ndi likulu la apolisi ku Area 30, Lilongwe. Pamafunika MSCE, ndipo osankhidwa amakaphunzira ku Limbe, Mtakataka kapena Mlangeni. Wina akakuuzani kuti mum'patse kangachepe kuti dzina lanu lituluke, ameneyo ndi tambwali basi.

Pomwe tili ndi mawu ndi pa khalidwe lawo. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa Independent Complaints Commission, kokadandaula wapolisi akakuzunzani. Chondiwawa ine n'chakuti wapolisi wabwino tikangomuzolowera, mawa lake mumva kuti amusamutsa, kapena wapeza ntchito ina poti lendi yamukulira. Pamenepo palibe amatifunsa.