AKAPOLO A PA DZALA

M'caka ca 1807 Nyumba ya Malamulo ya dziko la Britain inaletsa malonda a akapolo, ndipo m'caka ca 1833 inalamula kuti akapolo a m'maiko olamulidwa ndi Britain amasulidwe. Kuyambira pamenepo anthu ambiri anayesa kuti ukapolo unafa, ndi kuti goli ndi unyolo zinangotsala m'mabuku a mbiri yakale. Koma patapita zaka 182, m'caka ca 2015, Nyumba yomweyo inapanganso lamulo lina loletsa ukapolo, lochedwa Modern Slavery Act, pakuti kunadziwika kuti m'kati mwa Britain momwemo munali anthu ogwira nchito mokakamizidwa, amene malipiro ao anali kudyedwa ndi ena. Ambiri a iwo anapezeka pa malo amene munthu wodutsa amatseka mphuno, ndiwo malo osankhirapo zinyalala.

Mzinda waukuru umataya zinyalala zosawerengeka tsiku ndi tsiku. Magalimoto amazituta ndi kuzifikitsa ku nyumba zazikuru, kumene zimathiridwa pa lamba woyenda ndi makina. Anchito amaima m'mbali mwa lambayo tsiku lonse, nasankha zitini, mabotolo, mapepala ndi mapulasitiki, kuti zikapangidwenso zinthu zatsopano. Nchito imeneyi ndi yauve ndi yotopetsa, ndipo eni dziko ambiri saifuna. Siilira maphunziro, ngakhale kudziwa Cingerezi. Cifukwa cace eni makampani a zinyalala kawirikawiri salemba okha anchito, koma amawabwereka kwa makampani ena olemba anthu. Cotero mwini nchito angathe kukhala ndi anthu mazana pa lamba wace, osadziwa kumene agona, ngakhale amene alandira ndalama zao.

Pa mpata umenewu ndi pamene linalowera gulu lina la acifwamba ocokera ku Poland. Dziko la Poland litalowa m'cigwirizano ca European Union m'caka ca 2004, anthu ace analoledwa kukagwira nchito ku Britain. Gululo linayamba kufunafuna anthu osauka a kwao komweko: osowa nyumba, oturuka kumene m'ndende, ndi ena ofooka ndi mowa. Linawalonjeza ulendo waulere, nyumba yabwino ndi malipiro okoma. Koma cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Atafika m'cigawo ca West Midlands, pafupi ndi mzinda wa Birmingham, anaunjikidwa m'nyumba zauve zodzaza ndi makoswe ku West Bromwich, Walsall ndi Smethwick, nauzidwa kuti ali ndi ngongole ya ulendo ndi ya lendi. Ena, posowa madzi m'nyumba, anasamba m'ngalande.

Ucenjezi wa acifwambawo unali pa ndalama. Munthu aliyense anatengedwa kupita ku banki kuti akatsegule akaunti m'dzina lace, koma khadi lotapira ndalama analisunga ndi akuru a gululo. Pamenepo anapita naye kukalembetsa nchito, ndipo pofuna kuti zonse ziyende bwino, gululo linali ndi mkazi wace wina amene anali kugwira nchito m'kampani imodzi yolemba anthu. Eni nchito analipira malipiro onse monga mwa lamulo, ndipo m'mabuku ao munalibe colakwa. Koma ndalamazo zinagwera m'manja mwa acifwamba, ndipo wokhetsa thukuta anangopatsidwa kangacepe kosakwanira ndi cakudya comwe. Wodandaula anamenyedwa, kapena anaopsezedwa kuti abale ace ku Poland adzaona zoopsa. Pakati pa 2012 ndi 2017 gululo linapata mapaundi oposa mamiliyoni awiri, ndipo mmodzi wa akuru ace anayenda pa galimoto ya mtengo wapatali ya Bentley.

Cinaulula cinsinsi ndi njala. Ena mwa akapolowo anayamba kufika pa malo amene anthu acifundo amagawira osauka cakudya, ndipo kumeneko nkhani yao inamveka kwa a bungwe lochedwa Hope for Justice. Iwowa anadziwitsa apolisi a West Midlands, amene m'caka ca 2015 anayamba kufufuza kochedwa Operation Fort. Apolisi anapeza anthu 92 ozunzidwa motero, koma anayesa kuti onse pamodzi anafika ngati 400, ogwira nchito m'malo a zinyalala, m'minda ndi m'nyumba zosankhira katundu. M'caka ca 2019 bwalo la milandu la ku Birmingham linapeza anthu asanu ndi atatu olakwa, amuna asanu ndi akazi atatu, ndipo akuru ao analamulidwa kukhala m'ndende zaka 11. M'caka ca 2021 atatu mwa ozunzidwawo analengeza kuti adzasumira kampani yaikuru ya zinyalala yochedwa Biffa, pamodzi ndi kampani imene inawalemba nchito.

Mlandu umenewu unatsegula maso a eni malonda. Lamulo la 2015 linanena kuti kampani iriyonse imene malonda ace afika mapaundi mamiliyoni 36 pa caka iyenera kulengeza caka ndi caka zimene yacita poletsa ukapolo, pa nchito yace ndi kwa onse amene igulako katundu kapena kubwerekako anchito. Koma cikalata cokha sicimasula munthu. M'caka ca 2020 Dame Sara Thornton, amene pa nthawiyo anali mkuru woyang'anira za kuthetsa ukapolo, anaturutsa lipoti la zimene makampani ayenera kuphunzira pa mlanduwu. Zizindikiro zace sizibisika kwa munthu wofuna kuona: anchito ambiri olembetsa nyumba imodzi kapena nambala imodzi ya telefoni, munthu wobwera ku nchito wopanda kamba ndi zobvala zomwezo masiku onse, ndiponso munthu amene wina amamyankhira mafunso. Kapitao wophunzitsidwa bwino amaona zimenezi, ndipo kampani yosamala imalankhula ndi wanchito payekha, m'cinenero ca kwao, womasulira wace asali mnzace wa amene anadza naye.

Mbiri imeneyi isonyeza kuti ukapolo wa masiku ano sufuna goli. Ngongole, mantha ndi kusadziwa cinenero ca dziko lacilendo zimamanga munthu kolimba koposa unyolo. Cotero mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu, nalonjezedwa nchito kutali, ayenera kufunsa dzina la mwini nchito ndi kucuruka kwa malipiro asananyamuke, ndipo pasipoti yace ndi khadi lace la ku banki asapereke kwa munthu wina aliyense. Nayenso mwini nchito asakhutire pakuti malipiro aturuka m'thumba mwace. Afunse kufikira atadziwa kuti alowa m'thumba la amene anasankha zinyalalazo.