Mmene ntchito ya kafukufuku yasinthira pa malamulo a usodzi ku Mangochi

Malamulo ambiri amene asodzi a ku Nkope ndi madoko ena a kummwera kwa Nyanja ya Malawi amatsata adachokera ku kafukufuku wa akatswiri a nsomba. Koma ntchito ya akatswiriwa pokonza malamulo yakhala ikusintha.

Poyamba, cholinga chinali kudziwa nsomba zimene zili m'nyanja ndi mmene zingagwidwire zochuluka. Mu 1939, Bertram, Borley ndi Trewavas adafufuza za usodzi m'nyanjayi, ndipo kuyambira mu 1945 mpaka 1947 Rosemary Lowe adafufuza moyo wa chambo. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana take m'kamwa, ndipo chimaswana m'madzi osaya. N'chifukwa chake khoka lokokera kugombe m'nyengo yoswana limawononga kwambiri: likagwira mayi mmodzi, lapha ndi ana omwe. Apa ndi pamene pagona lamulo lotseka nyanja kwa makoka otere m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, komanso loletsa kugwira kasawala, chambo chosafika masentimita 15.

Mu 1968 kudayamba usodzi wa matrola kummwera kwa nyanja. Nthawi imeneyo akatswiri ankayeza, boma n'kulamula, asodzi n'kumangouzidwa. Kufooka kwa njirayi kudaonekera pa Nyanja ya Malombe, pomwe chambo chidatsala pang'ono kutheratu ngakhale malamulo analipo. Kafukufuku wa boma ndi bungwe la FAO wa 1988 mpaka 1992 adatsimikiza za kuchepaku. Vuto silinali kusowa kwa chidziwitso ayi, koma kuti asodzi sankawaona malamulowo ngati awo.

Choncho mu 1993 kudakhazikitsidwa makomiti a m'madoko (BVC) ku Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire, ndipo lamulo la usodzi la 1997 lidavomereza kuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali poyang'anira nsomba. Lero zimene apeza akatswiri a ku Monkey Bay zimakambidwa pamodzi ndi mafumu ndi makomitiwa, omwe amakonza malamulo a m'dera lawo, kusankha malo oswanirana nsomba oletsedwa kuwedzamo, ndi kulanda zida zoletsedwa monga maneti a udzudzu.

Komabe chambo sichinabwerere mwakale. Mu 2018 bungwe la IUCN lidaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pachiopsezo chachikulu cha kutha, ndipo nsomba imene ikugwidwa kwambiri tsopano ndi usipa.