Mbiri ya opaleshoni yochepetsa chifu ndi pomwe sikelo imakaimira

Opaleshoni yotchedwa gastric bypass imachitidwa kwa anthu onenepa mopitirira muyeso. Dokotala amadula chifu chakumtunda n'kupanga kathumba kakang'ono ngati dzira la nkhuku, kenako amakalumikiza kumatumbo aang'ono. Chakudya chimalambalala chifu chotsalacho pamodzi ndi gawo loyamba la matumbo. Munthu amakhuta msanga ndipo sikelo imatsika kwambiri m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira. Ikatero imayamba kutsika pang'onopang'ono, mpaka imaima pakati pa chaka chimodzi ndi zaka ziwiri. Panapita zaka zambiri madokotala asanamvetse bwino chimene chimachititsa kuimaku.

Maopaleshoni oyamba ochepetsa thupi sankakhudza chifu ayi. M'zaka za m'ma 1950, madokotala a ku Minnesota m'dziko la America, monga Richard Varco ndi Arnold Kremen, ankalumikiza matumbo mwachidule kuti gawo lake lalikulu lisamagwire ntchito. Munthu ankadya monga mwa kale koma chakudya chambiri chinkangodutsa. Odwala ankawondadi, komabe ambiri ankatsegula m'mimba mosalekeza, ena ankachita miyala mu impso, ndipo ena chiwindi chinkawonongeka mpaka kumwalira. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 njirayi inali itasiyidwa.

Amene anatembenukira kuchifu ndi Edward Mason wa ku University of Iowa. Iye anaona kuti anthu amene ankawachotsa gawo la chifu chifukwa cha zilonda za m'mimba ankawonda ndipo thupi linkavuta kubwerera. Mu 1966 anachita gastric bypass yoyamba, ndipo chaka chotsatira iye ndi Chikashi Ito analengeza zimene anapeza. Vuto la njira yawo linali lakuti ndulu inkabwerera m'kathumba. Mu 1977 Ward Griffen anakonza zimenezi pogwiritsa ntchito kalumikizidwe ka matumbo kooneka ngati chilembo Y, kamene dokotala wa ku Lausanne, César Roux, anayambitsa m'zaka za m'ma 1890. N'chifukwa chake mpaka lero opaleshoniyi imatchedwa Roux-en-Y. Mu 1994 Alan Wittgrove ndi Wesley Clark a ku San Diego anasonyeza kuti ikhoza kuchitika poboola timabowo pamimba n'kulowetsa kamera, popanda kung'amba mimba yonse, ndipo kuchokera pamenepo ochitidwa opaleshoni anachuluka.

Malipoti ambiri akale ankatsata odwala kwa nthawi yochepa, pomwe sikelo ikadali yotsika, motero ankapereka chithunzi chokoma mopitirira. Choonadi chinadza ndi kafukufuku wotsata anthu kwa zaka zambiri. Ku Sweden, Lars Sjöström anatsogolera kafukufuku wotchedwa Swedish Obese Subjects, amene anayamba mu 1987 ndipo anayerekeza anthu 2,010 ochitidwa opaleshoni ndi anthu 2,037 osachitidwa. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2007 zinasonyeza kuti a gastric bypass anafika potsikitsitsa patatha chaka chimodzi kapena ziwiri, atataya makilogalamu 32 pa 100 aliwonse. Patatha zaka 10 anali atakhazikika pa 25 pa 100 aliwonse. Kafukufuku wina wa ku Utah, wotsogozedwa ndi Ted Adams, anapeza zofananako mu 2017: 35 pa 100 patatha zaka ziwiri, 28 patatha zaka 6 ndi pafupifupi 27 patatha zaka 12. Tinene kuti munthu ankalemera makilogalamu 130. Akhoza kutsika mpaka cha m'ma 85, kenako n'kukwerako n'kukhazikika cha m'ma 95. Ambiri sabwerera pomwe anachokera, koma ndi ochepanso amene amafika pa thupi limene ankalilota asanalowe m'chipinda cha opaleshoni.

Poyamba madokotala ankakhulupirira kuti chinsinsi chonse chagona pa kuchepa kwa kathumba. Maganizowa anayamba kugwedezeka mu 1995 pamene Walter Pories wa ku East Carolina University analemba kuti mwa odwala ake ambiri matenda a shuga ankazirala patangopita masiku ochepa, thupi lisanachepe n'komwe. Mu 1999 akatswiri a ku Japan anatulukira ghrelin, homoni yochokera m'chifu imene imadzutsa njala. Mu 2002 David Cummings wa ku University of Washington anasonyeza kuti homoniyi imakwera mwa anthu amene awonda chifukwa chodzimana chakudya, koma inali yotsika kwambiri mwa ochitidwa gastric bypass. Zinadziwikanso kuti mahomoni a m'matumbo otchedwa GLP-1 ndi PYY, amene amauza ubongo kuti munthu wakhuta, amakwera opaleshoni ikachitika. Apa m'pomwe zinaonekera kuti opaleshoniyi imatsitsa mlingo umene thupi limafuna kukhalapo, ndipo likafika pa mlingo watsopanowo limayamba kuuteteza.

Zina zimene zimaimitsa sikelo n'zosavuta kumva. Thupi laling'ono limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa kusiyana ndi lalikulu, ngakhale munthu atangokhala. Powonda, munthu amatayanso minofu, osati mafuta okha, ndipo minofu imadya mphamvu zambiri kuposa mafuta. Mafuta akachepa, homoni ya leptin imatsika ndipo ubongo umayamba kusunga mphamvu. Nthawi yomweyo kathumba ndi potulukira pake zimafutukuka pang'ono, moti amene ankakhuta ndi masipuni ochepa amayamba kumaliza kambale. Zolowa zikafanana ndi zimene thupi likugwiritsa ntchito, sikelo imaima. Ngakhale m'miyezi yoyambirira imatha kuima kwa sabata imodzi kapena zingapo n'kuyambiranso kutsika, makamaka chifukwa cha kusintha kwa madzi a m'thupi.

Kukwerako pang'ono pakatha zaka ziwiri n'kozolowereka ndipo si chizindikiro chakuti opaleshoni yalephereka. Chodetsa nkhawa ndi kukwera kosaleka, kumene kawirikawiri kumadza ndi chizolowezi chodya pafupipafupi tsiku lonse, zakumwa zotsekemera ndi mowa, popeza zamadzimadzi zimadutsa m'kathumba osakhutitsa. Kuyambira mu 2021, pamene semaglutide, mankhwala otsanzira GLP-1, analoledwa ku America ngati ochepetsa thupi, madokotala ena amawapereka kwa amene anenepanso. Ngakhale sikelo itakhazikika, matumbo sabwerera mmene analili, choncho wochitidwa opaleshoniyi amamwa vitamini B12, ayironi, kashiamu ndi vitamini D komanso kuyezetsa magazi kwa moyo wake wonse.