Kuchokera ku ndende kufika m'kalasi: mbiri ya maphunziro a matenda a maganizo m'Malawi

Ku Kabudula, ku Nsaru ngakhale ku Nambuma, munthu akayamba kuyankhula yekha ndi kuyenda usiku wopanda kolowera, achibale amakhala pansi kufunsana kuti chagwa nchiyani. Ena amati walodzedwa, ena amati ndi chamba, ena amaloza mizimu ya makolo. Funso limeneli ndi lakale, koma kuliphunzira m'kalasi ndi chinthu chatsopano m'dziko muno.

Boma la atsamunda litayamba kusunga odwala misala, linawaika m'manja mwa oyang'anira akaidi. M'chaka cha 1910 linatsegula malo otchedwa Zomba Lunatic Asylum, omwe anali mbali ya ndende yaikulu ya ku Zomba. Cholinga chinali kutsekera anthu amene ankaoneka kuti akusokoneza mtendere; za kuchira kwao zinali pambuyo. Mu 1936 madokotala awiri, Shelley ndi Watson, anafalitsa kafukufuku wa odwala a kumaloko, ndipo anaganiza kuti ena mwa iwo anasokonezeka chifukwa chokumana ndi sukulu komanso makhalidwe a Azungu. Apa tikuona kuti ngakhale ophunzira amatha kuyeza wodwala ndi muyeso wa tsankho la nthawi yawo.

Lamulo la Mental Treatment Act linakhazikitsidwa mu 1948, ndipo chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Lamulolo linagwira ntchito zaka zoposa 70, kupyola ulamuliro wa atsamunda ndi wa Dr. Kamuzu Banda.

Kusintha kwenikweni kunadza pamene Amalawi anayamba kuphunzira za matendawa kwawo konkuno. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Ku Mzuzu, a bungwe la St John of God anakhazikitsa chipatala cha matenda a maganizo, kenaka koleji yophunzitsa anamwino, azachipatala ndi alangizi. M'makalasi otere wophunzira amadziwa kuti mawu amodzi akuti misala amaphimba matenda osiyanasiyana. Pali amene amamva mawu osamveka kwa ena. Pali amene amakhumudwa miyezi yambiri mpaka kulakalaka kudzipha. Pali wosokonezeka chifukwa cha malungo olowa m'bongo, amene akufunika mankhwala a malungo msanga. Khunyu nalo, limene ambiri amaliopa ngati lopatsirana, silipatsirana ndipo lili ndi mankhwala.

Komabe mtunda udakalipo. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 300, ndipo banja la mlimi wa fodya ku Mpingu silingapeze msanga ndalama ya ulendo wotero. Nchifukwa chake wodwala amayamba wafika pa zipatala zapafupi, monga cha St Gabriel ku Namitete, chimene chinatsegulidwa mu 1959, kapena cha Kabudula. Ngati amene wamulandira pamenepo anaphunzira kusiyanitsa matendawa, wodwala amathandizidwa ali pafupi ndi abale ake. Ngati sanaphunzire, banja limabwerera kumudzi kukamanga mwana wawo ndi chingwe pamtengo, ndipo ndende ya 1910 ija imakhala yasamukira pakhomo.

Wachinyamata wa kuderali amene wakhoza mayeso a Fomu 4 ndipo akusankha zokaphunzira ku koleji aganizirepo za ntchito imeneyi. Odwala amene akumudikira ndi anthu a m'mudzi mwake momwe.